Nkhoswe ndi Botolo la Mankhwala a Chifuwa

Mwana wa mchemwali wanga anabwera kuno ku Glasgow kudzaphunzira za madzi. Tsiku lomwe anafika ndinamuuza kuti wasankha bwino, chifukwa kuno madziwo sachita kuwafunafuna, amakutsata okha mpaka m'khosi mwa jekete. Anamaliza sukulu yakeyo, napeza ntchito, nakhala m'kafulati ku Dennistoun ndi anzake awiri. Mayi ake anatisiya kalekale. Ndiye tsiku lina atabwera kwathu ku Easterhouse n'kugwada pakapeti, manja pamodzi, ine ndinadziwiratu kuti pali mnyamata.

"Amalume, pali munthu akufuna kudzakuonani."

"Ali ndi vuto la maso? Inetu ndimaoneka bwinobwino pa basi tsiku lililonse."

"Amalume inu."

Kwathu mwana wamkazi sakwatiwa ndi mawu a bambo ake. Mwini mbumba ndi malume, ndipo malume wake ndinali ine ndekha, wina kunalibe, kuno ngakhale kumudzi. Ndikanalephera kukhala nkhoswe yake, akanabwereka munthu ku tchalitchi monga amachitira ana opanda abale, ndipo Amalawi onse a mumzinda muno akanafunsana kuti nanga malume wake uja wa ku Easterhouse walakwa chiyani. Mwanayo sanafune zimenezo. Inenso sindinafune, ndipo suti ndinali nditaipititsa kale kochapitsa m'maganizo mwanga iye asanadzuke pakapetipo.

Tsono kuti mumve chimene chinatsala pang'ono kundilanda mpando umenewo, ndiyenera kunena za m'mimba mwanga. Lero ndimanena mosavuta. Nthawi imeneyo sindinkauza munthu.

Matendawa anandiyamba ndikugwira ntchito yotsuka mapoto pa hotela ina m'tauni. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye mapoto ndiwo anali digiri yanga, ndipo ndinkawatsuka mpaka ophika ankadzionapo nkhope. Poyamba ndinkayesa ndi kamwazi wamba. Ndinamwa zonse zimene Mmalawi amamwa asanavomere kuti wadwala: madzi a mchere ndi shuga, masamba a gwafa omwe munthu wina ananditengera m'chikwama kuchokera ku Lilongwe, ngakhale mapiritsi otsala a mnzanga wa ku tchalitchi amene iye ankamwera bondo. Osasintha. Mapeto ake mwana wanga wamkazi, yemwe ndi nesi, anandikokera kuchipatala, komwe anandilowetsa kamera kudzera kumene kamera siyenera kudzera. Anandionetsa pa TV. Ine ndinali ndisanaonekepo pa TV chibadwire, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzayambira mbali imeneyo.

Dokotala wanga ndi mayi wa kuno, wamfupi, wolankhula mothamanga ngati wasiya china pamoto. Anati matumbo anga aakulu ali ndi zilonda, ndipo palibe kachilombo kamene kandilowa, thupi langa lomwe ndilo likudziluma lokha. Dzina lake akuti kolaitisi. Anati matendawa satha, amangogona n'kudzukanso, ndipo ntchito yake ndi yowagoneka nthawi yaitali. Anandiyesa mapiritsi amitundumitundu, kenako anandiika pa dripi ya miyezi iwiri iliyonse. Dripi ija inagwira ntchito, ndisanamizire. Magazi analeka. Koma ululu unatsala, wokhala ngati munthu akufinya chovala chonyowa mkati mwako, ndipo chakudya chinandikana. Ndinkati ndikaona mbale mtima n'kuchita nseru. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali.

Ku tchalitchi anthu ankafunsa. Kumeneko matenda a shuga ndi BP munthu amawatchula mokweza pa nthawi ya zolengeza, ena amachita ngati akunyadira. Koma matenda oti bambo wa imvi, wovala tayi, azithamangira kuchimbudzi ngati mwana wa nazale, amenewo sitinena. Ine ndinkangoti, "Ndi nyengo ya kunoyi." Ndipo poti nyengo ya kuno ilidi ndi milandu yambiri, aliyense ankavomera.

Za mafuta a chamba anabwera nazo ndi nesi wanga yemweyo. Tinali m'kichini, iye atangoweruka, nsapato zili m'manja.

"Adadi, ndikufuna mumve mpaka kumapeto musanayankhe."

"Ukayamba choncho ndiye kuti ndi zoipa."

"Pali mafuta opangidwa ndi chamba. Madokotala ena amalembera anthu a ululu ngati wanuwu. Ndi zololedwa ndi lamulo, bola alembe ndi dokotala wamkulu."

"Iwe, ndinakulera ndi chiyani kuti lero undisutitse chamba?"

"Sikusuta. Ndi madontho."

"Mayi ako akamva udzawauza wekha, ine ndidzakhala nditathawira kutali ku Partick."

Sitinathamange nazo. Tinayamba tafunsa dokotala wanga wamfupi uja. Iye anati kuchipatala cha boma sangandilembere, ndipo sakhulupirira kuti mafutawo amapoletsa zilonda, koma anthu ena amati amawachepetsera ululu ndi kuwabwezera njala. Anandiloza ndi cholembera n'kunena kuti ndikangosiya dripi chifukwa cha mafutawo, adzabwera yekha ku Easterhouse kudzanditenga. Ndinamukhulupirira. Kenako tinalankhula pa vidiyo ndi dokotala wa chipatala cholipira, mnyamata wandevu zosamalidwa, amene anali atawerenga kale mapepala anga onse. Anandifunsa za mtima, za mowa, ngati ndimayendetsa galimoto. Anafunsanso ngati m'banja mwathu muli wodwala misala. Ndinati kulibe, kupatula mayi amene anavomera kukwatiwa ndi ine. Mwana wanga sanamasulire mawu amenewo, koma mayiwo anali pachitseko ndipo anamva.

Botolo linabwera ndi munthu wopereka katundu, ndinachita kusainira. Kabotolo kofiirira, kosaposa chala changa chapakati. Pamwamba pake anamata kapepala koyera kolembedwa dzina langa, dzina la famase, dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Mwana wanga anandiuza kawiri konse kuti kapepala kameneko ndi kamene kamasiyanitsa ine ndi anyamata osuta kuseri kwa mashopu, ndipo mafutawo asachoke m'botolo lakelo. M'bokosimo munalinso kajakisoni kopanda singano koyezera. Umakoka pang'ono, n'kudonthezera pansi pa lilime, m'mawa ndi madzulo. Kukoma kwake kuli ngati udzu wometa kumene wosakaniza ndi dothi.

Tsiku loyamba ndinakhala pampando n'kudikira. Ndinkayembekeza kuti mwina khoma liyamba kuyenda, kapena ndiyamba kuseka ndekha monga ankachitira anyamata osuta a pa depoti kwathu. Palibe chinachitika. Pakamwa pokha panauma, ndipo sabata yoyamba ndinkasinza masana nkhani za pa wailesi zisanathe. Mlingo ankakweza pang'onopang'ono, dokotala wandevu uja akuimba foni kufunsa. Sabata yachitatu ndinamaliza mbale ya mpunga n'kufunsa ngati watsala wina. Mayi a m'nyumba anandiyang'ana ngati mlendo. Ululu sunathe, ndipo mpaka lero sunathe, koma unatsika kufika poti ndimatha kumvetsera munthu akulankhula popanda kumufunira kuti afulumire. Kuchimbudzi ndimapitabe kuposa inu nonse. Mafutawo sanandichiritse. Anangondibwezera masana anga.

Mayi a m'nyumba anaona kuti ndikudya ndipo anakondwa, koma botolo lija sanalikonde. Iwo ndi mtsogoleri wa amayi ku mpingo kwathu, ndipo kwawo kunali msuweni wawo amene ankayenda ndi ziguduli pamsika, anthu akuti chinamuzunguza ndi chamba. Mawu oti chamba sanawatchulepo m'nyumba mwathu. Ankangoti "zanu zija." "Mwamwa zanu zija?" "Musasiye zanu zija patebulo." Zinkakhala m'kabati ya ku bafa, pashelefu ya pamwamba, kuseri kwa sopo.

Nkhani ya chinkhoswe itayamba, alendo anachuluka. Mnyamatayo anabwera, wamtali, waulemu, wolankhula motsitsa moti ndinkachita kumufunsa kawiri. Kenako tinamva kuti azakhali ake, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, abwera Lachinayi kudzaona pakhomo. Mukudziwa tanthauzo lake. Amabwera ngati akudzacheza, koma maso ali pa makatani, pa sinki, pa mmene mwamuna ndi mkazi amayankhulirana. Lachitatu masana ndinapeza mayi a m'nyumba m'kichini atatsuka botolo lakale la mankhwala a chifuwa, aliumitsa, akuthiramo mafuta anga mosamala ndi kafanelo.

"Amayi, mukutani?"

"Mlendo akalowa ku bafa amawerenga chilichonse. Mukufuna awerenge dzina lanu pamodzi ndi zanu zija?"

"Mwana uja anati asachoke m'botolo lake."

"Mwana uja sakhala nawo pa msonkhano wa amayi."

Kabotolo kofiirira kaja, ndi kapepala kake komwe, anakaponya mu bini ya magalasi kunja. Ine ndinaona zonsezo ndipo sindinaletse. Ndisawasenzetse okha. Mumtima ndinkaona ngati ndi nzeru ndithu.

Chimene tonse awiri tinaiwala ndi choti m'nyumba ya Mmalawi mankhwala alibe mwini. Panado wa mnzako ndi wako. Munthu akamva mutu ali kwanu safunsa dokotala, amafunsa kabati. Azakhali aja anabwera ndi chifuwa cha mwezi wa Novembala, chija chimalira ngati njinga yamoto yokana kulira. Tinacheza bwino, anayamikira mandasi, anatsokomola, anayamikira makatani, anatsokomolanso. Kenako anapempha ku bafa. Anakhalitsako pang'ono. Pobwera anali chete, chifuwa chomwe chitakhala chete. Kapu yachiwiri ya tiyi anaikana, anati basi yawo yayandikira, chikhalirecho mabasi a pakhomo pathu amabwera motsatizana. Atapita ndinakaona ku bafa. Botolo la chifuwa linali pa sinki, chotsekera chili pambali. Sanamwe, Mulungu ngwabwino. Anangonunkhiza. Koma mayiwo anakulira ku Nkhotakota, ndipo munthu wa kumeneko fungo limenelo sachita kumuuza.

Panapita masiku atatu. Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, mwana wa mchemwali wanga anaimba foni.

"Amalume, malume a mnzangayu akuti za tsiku la chinkhoswe ziyambe zaima."

"Chifukwa?"

"Akuti ngati ndili ndi munthu wina woti akhale nkhoswe, zingafulumire. Akuti pakufunika munthu wa mutu wokhazikika."

"Wawayankha chiyani?"

"Ndati ndilibe wina. Amalume, n'zoona zomwe akunenazo? Akuti mumabisa chamba m'botolo la chifuwa."

Ndinamuuza kuti theka ndi zoona, ndipo theka linalo ndikalikonza ndekha. Iyenso sankadziwa kuti ndimadwala chiyani. Ankangodziwa za nyengo.

Nesi wanga atamva, sanakalipe za chinkhoswe ayi. Anaima pakati pa kichini n'kutifunsa ife akuluakulu awiri ngati tikukumbukira kuti ana ake amagona kwathu Lachisanu lililonse, ndipo wamng'onoyo amakwera pa chimbudzi kuti afikire shelefu. Anafunsa kuti kodi mwana akatsokomola, agogo ake atatuluka, adzatenga botolo liti. Mayi ake anakhala pansi. Ine nthabwala zinandithawa. Botolo la chifuwa lija analitenga kukalipereka ku famase, anaimbira chipatala cholipira chija n'kuwauza zoona, ndipo ndinakhala masiku angapo wopanda mafuta kudikira lina. Linabwera ndi kapepala kake, ndipo mwanayo anagula kabokosi kokhoma ndi kiyi. Anandisindikiziranso pepala la dokotala losonyeza kuti mankhwalawo analembera ine.

Ndinaimbira malume a mnyamata ndekha n'kupempha kuti tionane. Anati Loweruka masana, kwawo ku Partick. Ndinauza mayi a m'nyumba kuti tipitire limodzi. Anavala chilundu chawo chabwino pansi pa chikhoti, ndipo tinakwera sitima kuchokera ku Easterhouse. Ine m'mawa umenewo sindinadye kanthu, ndinangomwa madzi ndi madontho anga.

Bamboyo amayendetsa basi ya mumzinda, ndipo ndi mkulu ku tchalitchi cha Pentekoste. Amakhala pamwamba penipeni pa nyumba zamiyala zija, masitepe ake oti munthu umafika utaiwala chomwe wabwerera. Anatitsegulira atavala tayi, Loweruka. Azakhali aja analipo, atakhala pakona, chifuwa chitachepa. Tinapatsana moni mmodzimmodzi, aliyense kufunsa aliyense, kunyumba, ana, kumudzi, mvula ya kumudzi. Kenako bamboyo anapemphera. Ife a Presbateriya pemphero lathu limadziwa kobwerera, koma lawoli linakafika ku Mzuzu, linadzera ku Nsanje, linatchula boma la kuno ndi la kwathu, kenako n'kutera pa mizimu ya zizolowezi zoipa imene imamanga anthu ngakhale achikulire. Pamenepo ndinati ameni mokweza kuti adziwe kuti ndamva.

"Abambo," anayamba bamboyo, manja ali pa mawondo, "tisazungulire. Nkhoswe ndi munthu amene ana athu adzamuimbira zinthu zikavuta. Ife kuntchito kwathu amatiyeza malovu mosatichenjeza, ndipo ndaona anthu abwino ntchito ikuwathera chifukwa cha fodya ameneyu. Ndiye tamva zina. Mwina tamva molakwa."

"Simunamve molakwa. Mayiwa mphuno yawo ndi yabwino, ndikanakhala bwana wa polisi ndikanawalemba ntchito lero."

Palibe anaseka. Ndinatulutsa kabotolo katsopano ndi pepala lija n'kupatsa bamboyo ndi manja awiri. Anavala magalasi, anawerenga kapepala ka pa botolo, anawerenga pepala, anabwerezanso. Anapatsira azakhali, nawonso anawerenga.

"Pepalali likunena kuti mumaloledwa," anatero bamboyo. "Dziko lino limalola zinthu zambiri, abambo. Ndipo chipatala cholipira, munthu ukalipira amakulembera. Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Ife timakuonani pa maliro, pa maukwati, mukuseketsa anthu. Tikakufunsani mumati muli bwino. Ndiye mankhwalawa ndi a chiyani? Ndipo ngati ndi mankhwala, ankabisidwiranji?"

"Ndi a kolaitisi."

"Mawu amenewo ine sindiwadziwa. Amatani munthu?"

Apa ndiye panali pothina. Ndinali nditakonzekera kukangana za lamulo, za madokotala, ngakhale za mavesi. Sindinakonzekere kufotokoza za kuchimbudzi pamaso pa anthu oti mawa akhala asewere athu, mmodzi wa iwo mayi. Kwathu zimenezo munthu sauza ngakhale mlamu wake. Ndinayang'ana mayi a m'nyumba, iwo akuyang'ana kapeti. Ndinaona kuti pali njira ziwiri basi. Nditseke pakamwa ndikhale bambo waulemu wosuta chamba, mwana wa mchemwali wanga akabwereke nkhoswe. Kapena ndinene.

Ndinanena. Ndinawauza kuti matumbo anga ali ndi zilonda, ndipo matendawa akadzuka ndimapita kuchimbudzi kakhumi dzuwa lisanakwere, ndipo chotuluka nthawi zina ndi magazi okhaokha. Ndinawauza kuti akandiona pa maliro ndikutuluka foni ili kukhutu, palibe amene amakhala akundiimbira. Ndinawauza za tsiku lina pa siteji ya basi ku Dennistoun, masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe sindinafike komwe ndimathamangira, ndipo ndinayenda mtunda wautali jekete nditamanga m'chiuno ngati mtsikana wa sekondale chifukwa basi sindikanakwera. Ntchito ya mapoto sindinaisiye chifukwa cha ukalamba monga ndinauza anthu. Kenako ndinatenga chikwama changa chakuda chimene ndimayenda nacho paliponse, chimene anthu amayesa muli Baibulo ndi buku la nyimbo, n'kuchitsegula patebulo pawo. Baibulo linalimo ndithu. Pansi pake panali buluku lopinda, kabudula wamkati, mapepala opukutira ndi jumbo.

"Dripi ya kuchipatala ndiyo imaletsa magazi," ndinatero. "Mafutawa amachepetsa ululu kuti ndithe kudya ndi kukhala pampando ngati munthu. Masitepe anuwa chaka chatha sindikanawakwera. Ndiye muweruze nokha."

Kunja pamsewu basi inadutsa, ndipo bamboyo anaitsatira ndi khutu monga amachitira anthu a ntchito yawo. Kenako mayi a m'nyumba analankhula, maso adakali pansi.

"Botolo lija ndinathira ndine. Ndinkachita manyazi. Iwowa anandiuza kuti ndisatero."

"Ndinakuuzani kamodzi, motsitsa," ndinatero. "Musandiyeretse kwambiri, anthuwa sakhulupirira."

Azakhali aja ndiwo anayamba kumasuka. Anagwedeza mutu n'kuomba m'manja kamodzi mofatsa.

"Koma abambo inu. Ife ntchito yathu ndi imeneyo, timasambitsa ndi kusintha azungu akuluakulu tsiku ndi tsiku, ena anali maloya. Mukanangonena. Nanga ine ndikanamwa zija?"

"Mukanatsokomolabe, mayi, koma mosadandaula."

Anaseka mpaka chifuwa chinabwerera. Bamboyo sanaseke, koma anavula magalasi n'kuwaika pa pepala lija.

"Pepani ndi matendawo," anatero. "Sindinkadziwa. Koma ndinene zoona, mtima wanga sukuvomerabe chamba, chikhale m'botolo la mtundu uliwonse. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa."

"Inenso. Ndikungodikira ndili ndi chakudya m'mimba."

"Chabwino. Ndikufunseni chimodzi, poti nkhani ndi ya mutu. Tinene kuti anawa akwatirana. Papita chaka. Tsiku lina mtsikana wafika kwanu ndi chikwama, akuti sabwererako. Mudzatani?"

Funso limeneli ndinalikonda, chifukwa ndi funso la ntchito.

"Ndidzamupatsa tiyi, ndipo sindidzamufunsa kanthu mpaka atamaliza. Kenako ndidzafunsa chimodzi, ngati wamenyedwa. Ngati wamenyedwa, sabwerera, ndipo inu mudzamva kuchokera kwa ine apolisi atamva kale. Kumeneko sindidzakunyengererani. Ngati sanamenyedwe, agona kwathu, m'mawa ndikuimbirani, ndipo sabata yomweyo inu ndi ine tikakhala nawo pansi m'nyumba mwawo, osati mwanu kapena mwanga. Wanu akalakwa mumudzudzule ndinu, wanga akalakwa ndimudzudzula ndine. Ndipo akazi athu sadzauza gulu la amayi."

"Nanga akadzabwera kwa ine mnyamata?"

"Mudzamupatse tiyi. Koma pemphero lake mudzafupikitseko, angadzabwerere yekha kwa mkazi wake musanamve mlandu."

Pakamwa pake panagwedera pang'ono, ngati munthu amene akukaniza chitseko kuti mphepo isatsegule. Anayang'ana azakhali, azakhali anayang'ana iye. Ndipo nthawi yomweyo m'mimba mwanga munapota, kupota kuja ndimakudziwa, kosapereka mphindi zambiri. Dzanja linapita lokha m'thumba kukatenga foni. Ndinalibweza. Ndinaimirira n'kutenga chikwama changa.

"Abambo, chimbudzi chanu chili mbali iti?"

"Chitseko chachiwiri kumanzere. Chingwe cha getsi chili kumanja mukangolowa."

Ndinakhalako nthawi, ndisakubisireni. Nyumba zamiyala zimenezi makoma ake akunja ndi okhuthala koma zitseko zamkati ndi zopyapyala, ndiye ndinkamva mawu awo osamva zimene akunena. Ndinamva mawu a azakhali, kenako a bamboyo mwachidule, kenako a mayi a m'nyumba nthawi yaitali ndithu, zomwe zinandidabwitsa. Ndinasamba m'manja, ndinakonza tayi pagalasi. Kabati yawo ya mankhwala sindinaitsegule, ngakhale mwayi wobwezera unalipo.

Pobwerera ndinapeza makapu atasunthidwira pambali. Bamboyo anali atachotsa kalendala pakhoma n'kuiyala patebulo, masiku ake a ntchito atazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Amayi awiri aja anali atayamba kale kutsutsana za holo, wina akuti ya ku tchalitchi kwathu ndi yaing'ono, wina akuti ya kwawo salola ng'oma kupitirira sikisi koloko.

"Ankhoswe," anatero bamboyo, akunditembenuzira kalendala ija, "mu Epulo muno ine ndili ndi Loweruka awiri omasuka. Sankhani. Koma kukupemphererani sindisiya."

"Pempherani, ankhoswe anzanga. Ine ndizimwabe."

Ndinavala magalasi ake omwe, poti anga ndinaiwala kunyumba, n'kuika chala pa Loweruka lachiwirilo.